Nyumba ya kumunda ya mizati ndi mitanda yakale: tithandizane nzeru

Mlimi wa ku Domwe:
Ndikupereka moni kwa inu nonse a pagulu lino, akuluakulu ndi achinyamata omwe. Ine ndi mayi a kunyumba tagwirizana zomanga nyumba kumunda kwathu, chifukwa mundawo uli kutali ndi mudzi, ndipo nyengo yokolola chimanga ndi mbatatesi ikafika timasowa pogona poyang'anira zokolola. Sitikufuna kuwotcha njerwa, popeza nkhuni zikusowa kuno ku Angónia, ndipo uvuni umodzi umadya mitengo imene banja likanaphikira miyezi yambiri. Tikufuna nyumba yoima pa mizati ndi mitanda yolumikizidwa pamanja, makoma n'kudzabwera pambuyo pake.

Zipangizo zambiri tasonkhanitsa kale, ndipo zonse ndi zogwirapo ntchito. Tili ndi mitengo ya bulugamu ya m'zigafa zathu za fodya zimene tinasiya. Tilinso ndi mitanda ikuluikulu yofiirira imene ndinagula kwa banja lina pamene linkagwetsa kantina, sitolo ya makolo awo, yomangidwa nthawi ya Apwitikizi, pamodzi ndi zitseko, mafelemu a mazenera ndi malata a pa kantina yomweyo. Eni ake akuti mitandayo ndi mlombwa, koma ena amene aiona akuti ndi mbawa. Mlamu wanga wa ku Moatize akuti angathe kundipezera mapaleti osanjikirapo katundu ndi matabwa akale a pansi pa njanji. Chimene chikundisowetsa tulo ndi chiswe, komanso sindinatsimikize ngati ndilumikize ndi misomali kapena ndi zikhomo za mtengo monga ndinaonera pa denga la kantinayo.

Kalipentala wa ku Ulongwe:
Bambo a ku Domwe, mwachita bwino kufunsa musanakumbe dzenje ngakhale limodzi. Mtengo wakale uli ndi ubwino waukulu woposa wa lero: unauma kale, ndipo pamene unafuna kupindika unapindika kale, choncho mukaulumikiza umakhala mmene mwauikira. Matabwa ambiri a pamsika masiku ano amachekedwa ali aawisi, ndipo ikangodutsa nyengo imodzi ya dzuwa, molumikizira mumatseguka mipata yolowa chala.

Koma ukale wokha si umboni wakuti mtanda ndi wamphamvu. Itulutseni yonse panja, muiyale pamwamba pa miyala, muichotse fumbi ndi burashi ya waya, kenako muziigogoda ndi hamala kuyambira kumutu kukafika kumapeto. Wabwino umalira mouma, pamene wodyedwa m'kati umalira ngati ng'oma yonyowa. Yang'anitsitsani kumitu kumene kunali kokwiriridwa m'khoma la kantina, chifukwa ndiko kumayambira kuwola. Bayani ndi msomali wautali, ndipo ukalowa mosavuta, dulani mpaka mufike pa mtengo wolimba. Mukaona timabowo ting'onoting'ono tikutulutsa ufa watsopano woyera, dziwani kuti tizilombo tikadali momwemo, ndipo mtanda umenewo muupatule kutali ndi inzake.

Za mtundu wake, palani pang'ono ndi puleni. Mlombwa umapalika mosavuta, umatulutsa kafungo kabwino, ndipo mtima wake chiswe sichiukonda. Mbawa ulusi wake umapingasana moti puleni imazula malo ena, ndipo pa chiswe ndi chinyezi siipirira mofanana ndi mlombwa. Ikakhala mbawa, malo ake ndi m'mwamba, kutali ndi nthaka.

Langizo limene ndikulitsindika kwambiri ndi ili: musajambule nyumba kaye n'kumakafuna mitengo yokwanira. Yezani mitengo imene muli nayo mutadula zowola, ndipo kukula kwa zipinda kutsatire mitengoyo. Ngati mtanda waufupi pa yonse yabwino watsala mamita 3 ndi theka, mizati yanu italikirane mamita 3, osaposa. Munthu akaumirira chipinda chachikulu amayamba kulumikiza mitanda pakati pa mpata, pamene palibe chochirikiza, ndipo denga limagwera pamenepo.

Mmisiri womanga wa ku Moatize:
Ine ndine wa njerwa ndi simenti, ndipo sindibisa kuti ndikanakhala ine ndikanamanga ya njerwa. Komabe nkhani ya nkhuni ndaimva. Pempho langa ndi lakuti simenti musaikane kotheratu, chifukwa matumba ochepa a pa maziko ndi amene adzapulumutse mitengo yanu.

Mzati usalowe m'nthaka. Pamalo pa mzati uliwonse kumbani mpaka mupeze nthaka yolimba, mumange chipilala cha miyala ndi simenti chotuluka pamwamba pa nthaka masentimita 30 kapena 40, ndipo mzatiwo ukhale pamwamba pake. Pomanga chipilalacho mukwiriremo chitsulo chaphanthiphanthi chotuluka m'mbali, choti mudzamangirire mzati ndi bawuti. Pakati pa mwala ndi mtengo muike kachidutswa ka lata kotulukira pang'ono mbali zonse n'kukapindira pansi. Latalo silipha chiswe, koma limachikakamiza kumanga njira yake ya dothi poyera, pamene inu mungaione n'kuiphwanya.

Za matabwa a njanji, muuzeni mlamu wanu asavutike kuwatumiza ngati ndi a m'nyumba yogona. Ambiri mwa matabwa amenewo anamizidwa m'mankhwala akuda otchedwa creosote, amene amatuluka thukuta ndi fungo kukatentha, amayabwa pakhungu, ndipo utsi wake ndi woipa munthu akasonkhezera moto zidutswa zake. Pa mpanda kapena pa kamlatho ka pangalande angathandize, bola afunse bwino kumene achokera, chifukwa katundu wa njanji ali ndi eni ake. Mapaleti nawo ayang'ane chidindo cha m'mbali: olembedwa HT anaumitsidwa ndi kutentha kokha, pamene olembedwa MB anafukizidwa ndi mankhwala a methyl bromide, ndipo amenewo ndi bwino kuwasiya. Asiyenso onse amene anatayikiridwa mafuta kapena mankhwala osadziwika. Ngati pa kantina paja munatolanso mapepala a simenti a padenga akale aja, musawacheke kapena kuwaboola, chifukwa ambiri a nthawi imeneyo ali ndi asibesitosi, ndipo fumbi lake limawononga mapapo.

Agogo a ku Furancungo:
Ana anga, zimene mukukambazi zandikumbutsa mmene tinkamangira kale kuno ku Macanga. Ife mizati tinkaikwirira m'nthaka ndithu, koma inali ya muwanga, mtima wokhawokha, ndipo kumunsi kwake tinkakuwaula pamoto kusanalowe m'dzenje. Anzathu a kumunsi ku Zambezi ankagwiritsa ntchito tsanya. Mitengo imeneyo inkakhalitsa, koma lero yayamba kusowa, ndipo bulugamu wa m'chigafa musamuyese muwanga. Mukamukwirira osathira mankhwala, chiswe chidzamutha nyumba isanakalambe. Pamenepa mmisiri wa ku Moatize wanena zoona.

Chimene ndikufuna musataye ndi khoma la nsichi ndi mbalo, lomata dothi. Pakati pa mzati ndi mzati mumaimika timitengo, mumapingasa nsungwi zong'amba, mumamanga ndi luzi kapena waya, kenako mumaponya dothi lopondedwa bwino ndi udzu wodula. Khoma lotero ndi lopepuka, limasunga kutentha usiku, ndipo likang'aluka amayi amalizira tsiku limodzi likhalanso bwino. Dothi la pachulu limagwira kwambiri, koma mulisakanize ndi mchenga kuti lisang'aluke pouma.

Mmisiri womanga wa ku Moatize:
Agogo, khoma lomata ndalivomereza, koma lisayambire pansi. Pakati pa zipilala pamangidwe kakhoma kakafupi ka miyala, ndipo dothi liyambire pamwamba pake. Likafika pansi, ndiye kuti chiswe tachimangira msewu wobisika wokwerera ku mitanda, ndipo ntchito yonse ya zipilala ija yapita pachabe.

Mnyamata wa ku Calómuè:
Pepani akuluakulu, ine ndifunse. Kwathu kuno aliyense amapaka mitengo oyilo wakuda wochotsa m'galimoto, ndipo amati chiswe sichiyandikira. Bwanji Bambo a ku Domwe angopaka oyiloyo n'kukwirira mizati, m'malo mowononga ndalama pa simenti?

Kalipentala wa ku Ulongwe:
Achimwene, funso lanu ndi labwino chifukwa anthu ambiri amakhulupirira zimenezo. Oyilo amangokhala pamwamba, salowa mpaka mu mtima wa mtengo. Bulugamu amang'aluka akamauma, ndipo chiswe chimalowera m'ming'alu momwemo, n'kudya m'kati kusiya chikopa chakuda chooneka ngati chili bwino. Ndaonapo mizati yotero imene kunja inali yonyezimira, koma kuikankha ndi dzanja inkaphwanyika. Kuwonjezera apo, oyiloyo amatsikira m'nthaka, ndipo pamunda pamene pali chitsime kapena dimba si chinthu chofunika kuchithira mwachisawawa. Mitengo ya m'mwamba imene siinyowa ndi mvula ingathe kupakidwa madzi a mankhwala a ufa otchedwa borax ngati apezeka, koma chitetezo chenicheni ndi kuuma kwa mtengo ndi maso a mwini nyumba.

Tsopano ndiyankhe za misomali ndi zikhomo, chifukwa apa ndi pamene pagona luso. Mitanda yakale yolimba imakana msomali. Umapindika kapena umang'amba mtengo. Pa mitanda ya makona anayi ya ku kantina, semani lilime kumutu kwa mtengo wina ndi kuboola dzenje lolowamo lilimelo pa mtengo unzake, pogwiritsa ntchito chobowolera ndi tchizulo chakuthwa. Lilime likhale lonenepa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kunenepa kwa mtandawo. Likachepa limathyoka, likakula makoma a dzenje amatsala opyapyala. Kenako mumaboola bowo la chikhomo lodutsa zonse ziwiri, koma la pa lilime mumalisunthira mamilimita 2 kapena 3 chakuphewa kwa lilimelo, kuti pokhoma, chikhomo chikoke mitengo iwiriyo kuti igwirane zolimba. Zikhomo zisemedwe ku mtengo wouma ndi wolimba, mong'amba motsata ulusi, osati mocheka ndi sowo, ndipo kumutu zikhale zosongoka pang'ono.

Bulugamu wozungulira ndi nkhani ina. Musavutike kumusemera malilime. Mulambuleni pang'ono ndi nsompho pamene akukhala pa mnzake kuti asagubuduke, mumange ndi bawuti yokhala ndi washala mbali zonse, ndipo kumitu mukulunge waya wolimba kuti mng'alu usapitirire. Iyeyu akhale mapaso ndi mizati ya khonde. Mapaleti ambiri ndi a paini wofewa, choncho ntchito yake ndi yogawa zipinda ndi mashelefu basi, asanyamule kanthu.

Chinanso, musanalowetse sowo kapena puleni pa mtanda wakale, yendetsanipo maginito a mu sipika yakufa. Misomali yothyokera m'kati siioneka ndi maso, koma imagwetsa mano a sowo nthawi imodzi.

Mayi a ku Tsangano:
Abambo mwakamba zambiri za mitengo, koma ine ndilankhule za munthu wokhala m'nyumbamo, makamaka mayi ndi ana. Kuno kumapiri, kaya ndi ku Tsangano kaya ku Domwe, kuzizira kwa mu June ndi July si kwa masewera, ndipo khoma la matabwa a mapaleti limalowetsa mphepo pa mpata uliwonse. Ndikugwirizana ndi Agogo kuti makoma akunja akhale omata. Malata nawo usiku wozizira amagwira mame kunsi kwake, m'mamawa n'kumadonthera pa zofunda ndi pa matumba a chimanga. Yalani mphasa za bango kapena nsungwi zoluka kunsi kwa mapaso, musiye kampata koti mpweya uzidutsa pakati pa mphasa ndi malata.

Khitchini ikhale payokha, motalikirako ndi nyumba. Nyumba ya mitengo youma zaka zambiri ikagwira moto palibe amene angaizimitse ndi ndowa, ndipo kumunda anthu othandiza ali kutali. Lambulaninso udzu kuzungulira nyumba mwezi wa August usanafike, chifukwa moto wolusa wa osaka mbewa sufunsa kuti pano pali nyumba yatsopano. Chipinda cha mbatatesi chikhale cha mdima koma chopita mphepo, chokhala ndi thandala lokwera, popeza mbatatesi ikaona kuwala imabiriwira ndipo siidyekanso. Zitseko za ku kantina zija ngati zili ndi penti wakale wokanuka, musazipale ndi sandipepa pouma ana ali pafupi, chifukwa penti wambiri wakale anali ndi mtovu. Zinyowetseni kaye, mupale ndi chitsulo, zopalazo muzikwirire kutali ndi dimba.

Ndifunsenso mwaulemu, Bambo: mundawo ndi wa kuchimuna kapena wa kuchikazi? Nyumba yokhalitsa pamunda wa banja imafuna kuti eni mbumba aidziwe isanayambe.

Mlimi wa ku Domwe:
Zikomo kwambiri Mayi, funso lanu ndi loyenera. Mundawo ndi wa kwawo kwa mayi a kunyumba, ndipo amalume awo pamodzi ndi anyakwawa tinakhala nawo pansi, anavomereza ndi kutilozera malo okwera, kutali ndi chulu ndi mtsinje. Dzulo ndapala mitanda monga ananenera a Kalipentala. Yambiri yatulutsa kafungo kaja ndipo yapalika bwino, koma ingapo ndi yofiira kwambiri ndipo puleni ikuzula. Zikuoneka kuti omanga kantina anasakaniza mitundu iwiri. Ina kumitu kwake kwawola ndithu, moti ndikadula itsala mamita 3 ndi pang'ono.

Mphunzitsi wa ku Zóbuè:
Ndiwonjezereko za malamulo, popeza nyumba ingathe kuima bwino koma mwini wake n'kuvutika pa msewu kapena pa bwalo. M'dziko lathu nthaka ndi ya boma, ndipo munthu amakhala ndi ufulu woigwiritsa ntchito, umene timautcha DUAT. Lamulo la nthaka la chaka cha 1997 limazindikira ufulu wa anthu amene akukhala pamalo motsata mwambo wa kwawo ngakhale alibe pepala, komanso umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi limaulandira. Ngakhale zili choncho, zimene munagwirizana ndi amalume zilembedwe, anyakwawa asainire, kuti ana anu asadzakangane ndi abale awo inu kulibe.

Pa matabwa, pemphani banja limene linakugulitsani likulembereni kalata yonena kuti mitandayo ndi yogumula pa nyumba yakale, ndipo muijambule zithunzi zoonetsa mabowo a misomali ndi penti. Mlombwa ndi mtengo umene a zankhalango amaulondalonda, ndipo matabwa oyenda pa msewu amafunsidwa mapepala. M'chaka cha 2018 boma linaletsanso kudula mitundu ina monga mkula, chifukwa cha mmene nkhalango zathu zinapululukira. Musanakweze katundu m'galimoto, pitani ku SDAE, ofesi yoona za ulimi ndi chuma m'boma lanu, mukafunse zoyenera kunyamula.

Mmisiri womanga wa ku Moatize:
Nkhani imodzi sitinaikambe mokwanira, ndiyo mphepo. Ife a kuno sitidzaiwala namondwe wa Ana mu January 2022, pamene mtsinje wa Revúbuè unasefukira n'kugumula mlatho, ndipo nyumba zambiri m'chigawo chathu zinawonongeka. Nyumba ya mitengo ndi yopepuka, choncho mphepo siigwetsa kokha, imatha kuinyamula kuyambira kudenga. Chilichonse chimangiriridwe ku chinzake kuchokera pamwamba mpaka pansi: malata ku mbalo za denga, mbalo ku mapaso, mapaso ku mtanda, mtanda ku mzati, mzati ku chitsulo cha m'chipilala. A Kalipentala andikhululukire, koma pa mapaso ine zikhomo zokha sindizikhulupirira. Pakhale waya wokhuthala wopota kawiri kapena kachitsulo kokhomera.

Denga likhale lotsetsereka mbali zonse zinayi ngati mitengo ikulola, chifukwa lotero mphepo imalidutsa bwino kuposa la mbali ziwiri. Denga la khonde likhale lapadera, lolumikizidwa m'munsi mwa denga lalikulu, kuti mphepo ikalizula lipite lokha. Malata akalewo muwasankhe, odyeka ndi dzimbiri apite ku khola, abwino muwakhome pa nsonga za mizere yake, ndipo mabowo akale amene sagwera pa mbalo muwatseke ndi phula ndi kansalu. Denga litulukire kunja kwa khoma masentimita 60 kapena kuposerapo kuti mvula isamenye dothi lomata.

Kalipentala wa ku Ulongwe:
Palibe chokhululukira, Bambo, pa mapaso waya akufunika ndithu. Chikhomo chimagwira bwino pamene mitengo ikukankhana kapena kukokana m'mbali, koma mphepo yokokera m'mwamba imafuna chitsulo. Ndiwonjezere zochirikiza zopingasa: pa ngodya iliyonse, pakati pa mzati ndi mtanda, pakhale kamtengo kakafupi kopendekeka, mbali zonse ziwiri. Popanda timeneti nyumba imayamba kutsamira mbali imodzi pang'onopang'ono, zitseko n'kuleka kutsekeka. Zidutswa zabwino zotsala podula mitanda ija ndi zimene zigwire ntchito imeneyi, choncho musazisonkhezere moto.

Popeza mwapeza mitundu iwiri, mlombwa ukhale mizati ndi mitanda ya m'munsi, mbawa ikhale mitanda ya pamwamba. Ndi kutalika kumene mwanenako, mizati italikirane mamita 2 ndi masentimita 80, kuti patsale malo osemera malilime. Poyeza ngodya za maziko gwiritsani ntchito chingwe: mbali ina mamita 3, mbali ina mamita 4, ndipo chopingasa chikakwana mamita 5 ndendende, ngodya yalunjika. Mitu ya zipilala zonse ifanane msinkhu, ndipo paipi yoonekera m'kati yodzaza madzi imayeza zimenezi bwino kwambiri kuposa diso.

Ubwino wina wa zikhomo, poganizira zimene anafunsa Mayi a ku Tsangano, ndi wakuti nyumba yotere imatha kumasulidwa. Banja likadzafuna kusamukira malo ena, mumagogoda zikhomo n'kunyamula mitanda yonse yathunthu.

Agogo a ku Furancungo:
Tsiku loimika mafupa a nyumba musadzakhale awiri ndi mkazi wanu yekha. Itanani dima, amayi aphike thobwa ndi nsima, amuna amphamvu abwere ndi zingwe ndi mitengo ya mphanda yokankhira. Ana akhale kutali, ndipo wolamula akhale mmodzi, kalipentala yekha, chifukwa mtanda wa mlombwa ukakhala m'mwamba sufuna mawu ambiri. Musankhe m'mawa wopanda mphepo, ndipo malata akhale atakwera mvula yoyamba ya mu November isanagwe, kuti dothi la makoma lidzamatidwe pansi pa denga.

Mlimi wa ku Domwe:
Ndathokoza nonse kuchokera pansi pa mtima. Mlamu wanga ndamuuza kuti matabwa a njanji asiye, atumize mapaleti a chidindo cha HT okha. Kalata ya ogulitsa ndikaitenga sabata ino, ndipo miyala ya zipilala tayamba kale kututa ndi ngolo. Funso limodzi latsala kwa a Kalipentala: kodi malilime ndi mabowo tisemere kumudzi kumene kuli mthunzi ndi posungira zida, kapena tinyamule mitanda yosasema kupita nayo kumunda?

Kalipentala wa ku Ulongwe:
Semerani kumudzi, pabwalo losalala, koma muyambe zipilala zitatha kumangidwa ndipo mwayezanso mipata yake yeniyeni, chifukwa mwala sungasunthe kutsatira mtengo. Khoma lililonse mulilumikize pansi mongoyesa, osakhoma zikhomo, muone ngati ngodya zalunjika, kenako mulembe chizindikiro chofanana pa mitengo iwiri iliyonse yokumana. Chizindikirocho muchiseme ndi tchizulo, chifukwa choko ndi makala zimafufutika pa ngolo. Ponyamula, malilime muwakulunge ndi masaka kuti asabenthuke, ndipo mukafika kumunda mitandayo muisanjike pa miyala, muifunditse malata mpaka tsiku la dima. Mukamaliza zipilala tumizani miyeso yake pano, ndidzakuwerengerani kutalika kwa mapaso ndi kwa zochirikiza musanadule bulugamu aliyense.